Galimoto ya a Dolly ndi Chitenje Changa

Mpanshya,
Rufunsa.
14 Okutobala 2024.

Okondedwa akulu anga a Dolly,

Ndikhulupirira kuti mwendo wanu ukupola ndipo pulasitala uja anachotsa. Kuno tili bwino, kungoti mawu anandithera ndi nthungululu. Thelma wathu wakwatiwa Loweruka, ndipo anafika kutchalitchi m'galimoto yanu yakuda ija, ikung'anima mpaka amayi ogulitsa nthochi kumsewu anasiya malonda kudzaonerera. Koma musanasangalale kwambiri, khalani pansi kaye, chifukwa ndili ndi mlandu.

Mwana wanu Kingsford atatisiyira galimoto n'kubwerera ku Kitwe pa basi, ine ndinalumbira kuti fumbi lakuno siligonapo. M'mawa uliwonse, milungu itatu yathunthu, ndinkaipukuta ndi chitenje chouma, mozungulira, monga ndimachitira pansi m'nyumba ndikapaka polishi. Ndinkadzitama nazo, akulu anga. Lachiwiri lapitali alamu anu a Oswell anaichotsa pansi pa mtengo wa mango n'kuiimika padzuwa. Galimoto yonse inali mizere yozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. Manyazi anandigwira poganiza kuti munandikhulupirira ndi chinthu chimene munachivutikira zaka zambiri.

Tinaitana Aaron, amene amatsuka magalimoto ku Rufunsa. Iye anati fumbi louma ndi mchenga ndithu, ndipo chikondi changa chonsecho chinali kukanda penti. Anatiuza kuti makina opukutira angachotse mizereyo tsiku limodzi. Koma alamu anu mukuwadziwa. Anamva kwinakwake kuti makina amadya penti, ndiye anakanitsitsa, amvekere manja awo analima maekala atatu, sangalephere galimoto. Lachitatu anakhalira chitseko chimodzi kuyambira m'mawa, thukuta kamukamu. Pofika madzulo mizere inali itangozilala pang'ono, dzanja lawo likukana kukweza ngakhale kapu ya tiyi. Ndinawafunsa mwaulemu ngati tiuze abambo mfumu kuti ukwati ausunthire ku Khirisimasi. Sanaseke.

Lachinayi anagonja, tinapita ku Rufunsa komwe kuli magetsi. Aaron anayamba waitsuka ndi madzi ambiri, kenako anayendetsa makina ake a siponji yozungulira pang'onopang'ono, akumagwira penti ndi chikhatho kuti amve ngati yatentha. A Oswell anaima kumbuyo kwake ngati munthu woperekeza wodwala.

"Ba Aaron, ikapsa penti iyi, mukakambe nawo mweka alamu anga," anatero, kutanthauza kuti Aaron akayankhe yekha kwa inu.

Siinapse. Boneti, denga ndi zitseko zinatuluka zoti mungapeserepo tsitsi. Koma m'mphepete ndi pa zogwirira zitseko Aaron anakana kufikitsapo makina, ati penti ya pamenepo ndi yopyapyala. Anandipatsa nsalu yofewa ndi kabotolo ka polishi akumwetulira.

"Apa ni pa manja, amai. Amene anaononga ndiye akonze. Koma molunjika, osati mozungulira."

Lachisanu amayi a kwaya anabwera kudzakonzekera nyimbo za ukwati, n'kundipeza nditagwada pa chitseko. Atamva nkhani yonse anandiseka mpaka misozi, kenako aliyense anatenga kansalu kake. Nyimbo zonse tinaphunzirira pagalimoto pompo, manja akuyenda pamodzi ndi nyimbo. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinaseka chotero.

Tsopano mlandu weniweni ndi uwu. Pachitenje chija panali pini imene ndinaiiwala, ndipo inasiya mzere umodzi wakuya pachitseko chakumbuyo, kumanzere, wotalika ngati chala. Aaron anati umenewo sungachoke ndi makina kapena ndi manja popanda kuboola penti. Pa ukwati tinabisapo ndi riboni. Alamu anu akuti ndikhale chete, ati inu simungauone, koma ine sindingathe kukubisirani. Ndine ndinalakwa, ndipo ndikupepesa ndi mtima wonse.

Ndikudziwa kuti mufuna kundikalipira, ndipo n'koyenera. Koma kukalipira kwa pafoni sindikulandira, ndipo Kingsford akabwera yekha Lamlungu kudzatenga galimoto, makiyi sindimupatsa. Patha zaka ziwiri tisanaonane, ndipo pampando wanu kutchalitchi ndinayang'anapo kangapo. Bwerani naye, mudzaone mzerewo ndi maso anu, mudzandikalipire titakhala pamphasa imodzi.

Thelma ndi mwamuna wake akuthokoza kwambiri. Amayi a kwaya akupereka moni, nawonso alamu anu. Ine moni wanga sindilemba, ndidzakupatsani pakhomo.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Edness.