Galimoto ya Alamu M'chigafa Changa

Lolemba, 2 Febuluwale 2009

Fodya wapsa, masamba apansi achita kale chikasu, koma m'chigafa chopachikamo mwagona galimoto ya alamu a Wyson. Mwezi wachisanu uno! Anagula pikapu asanaganize koyigoneka. Kwawo n'kutsidya kwa dambo, kanjira kake ngakhale ngolo imakana. Ife tili m'mbali mwa msewu wa ku Santhe, ndiye anati, "Ingogona masiku awiri, mlamu."

Fodyayu ndinamuthira feteleza wa kuponi yanga, nditaima pamzere masiku atatu. Akandiwolera m'munda, wina andidziwa.

Lachitatu, 4 Febuluwale

Alamu abweranso panjinga m'mawa. Aipukuta galimoto, aiyatsa, utsi tolotolo, aizimitsa, kenako akwera njinga yomweyo ulendo wa kumsika. Ndati, "Alamu, bwanji osapita pagalimoto?" Akuti, "Aaa mlamu, theka la njira ndapalasa kale, ndingomaliza." Ndiye anaigulira chiyani, abale?

Ndauza bambo a Anesi kuti alankhule nawo. Akuti, "Ndi akulu anga aja, ndiyambira pati?" Mwamuna wanga Simeon ndi wabwino, koma mantha, eee!

Lachisanu, 6 Febuluwale

Alamu apita kumsonkhano wa mpingo ku Kasungu, masiku atatu. Pa matola, mwini galimoto!

Ndaitana mnzanga Modester wapakhomo loyandikana. Tathyola, tasoka fodya tsiku lonse. Mikangala ya fodya tapachika kutsogolo kwa galimoto, kumbuyo, pamwamba, m'mbali monse. Modester wakoleka wina pa kagalasi koonera kumbuyo, akuti malo asatayike. Taseka mpaka kugwirana. Galimoto yazimirira, akungooneka ndi matayala. Bambo a Anesi asuzumira, agwira pakamwa, abwerera.

Loweruka, 7 Febuluwale

Mvula tsiku lonse. Fodya wanga ali pamthunzi, mtima myaa.

Lolemba, 9 Febuluwale

Afika! Aima pakhomo pa chigafa ndi kansanza kawo kopukutira.

"Mlamu, galimoto yanga ili kuti?"

Ndagwada bwinobwino, ulemu wonse. "Ili momwemo, alamu, ikupuma. Chonde musaiyatse, utsi ungalowe m'fodya, ku okushoni angakamukane."

"Nanga ituluka liti?"

"Fodya akauma. Mwina Epulo."

Ndimaluma mlomo kuti ndisaphulike nako kuseka. Madzulo Modester wandiuza kuti alamu azungulira mudzi wonse kupempha malo. Wina akuti mbuzi, wina akuti ana angaswe magalasi. Chigafa chili chonse muno chadzaza fodya. Ndawamvera kachisoni, pang'ono pokha.

Lachinayi, 12 Febuluwale

Chiyambire m'mawa alamu akhala pansi pa mtengo wa mango ndi mng'ono wawo, kunong'onezana, kuseka. Kuseka kumeneko sindinakukonde.

Masana bambo a Anesi andipeza ndikusoka fodya, mano onse pamtunda, makiyi akulendewera pachala.

"Mayi a Anesi, achimwene akuti galimoto yopanda pogona ndi mtolo chabe. Ife malo tili nawo, msewu ulinso pakhomo. Atisiyira!"

"Atisiyira ulere?"

Ayang'ana pansi. "Ayi. Iwo atenga fodya ali m'chigafayo, akauma. Tagwirana kale chanza."

Kuyendetsa sadziwa munthuyu, ngakhale ngolo imamuvuta. Ndikulemba pano, panja ndikumva bambo a Anesi akupempha alamu kansanza kopukutira.