Simbi ya Mkazi Wanga Yapambana M'dzina la Mlamu

Aphungu,

Amene anandilakwira ndi mlamu wanga, mchimwene wa malemu mkazi wanga. Tonse timamutcha Kolala, chifukwa chiyambire unyamata wake sanavalepo shati yofota pakhosi, ngakhale m'thumba muli mbee. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye kalatayi ikapotoka musaseke. Ndine wokhoma zitini. Ndowa, mbaula ndi makeni othirira ndiwo andikalambitsa m'shedi yanga ya malata kuseri kwa msika.

Mkazi wanga ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Simbi za makala mukuzidziwa, ukangoipendeketsa pang'ono imalavula phulusa ndi timakala tamoto. Tsiku lina inaboola diresi ya mkazi wa dokotala, ndipo mayiyo anamulalatira pakhomo pathu ana akumva. Mkono wamanja wa mkazi wanga unali kale zipsera zokhazokha. Ndinakhala pansi ndi nyundo, kuyesa n'kulephera, mpaka ndinapanga simbi yokhala ndi kasefa m'kati ndi kachumuni kumbuyo, yoti ngakhale uigwedeze moto sutuluka. Atasita shati yoyamba anati, "Bambo a ana, lero ndiye mwandikwatira kachiwiri."

Kolala anabwera kudzabwereka simbiyo, ati akasitire suti. Kumene inapita ndi ku chionetsero cha amisiri. Anajambulidwa ataikumbatira, anapatsidwa satifiketi, ndipo simbi inabwerera kwathu itachoka chogwirira. Nditati ndikamufunse, mkazi wanga anandigwira mkono. "Ndi achimwene anga, zisiyeni. Ine ndikudziwa amene anapanga." Ndinazisiya. Amene ankadziwayo tinamuika m'manda.

Tsopano mverani za masiku ano. Mwana wanga wamkazi, mzime, anandigulira foni yopalasa ndi chala n'kundilowetsa m'gulu lina la pa intaneti. Mmenemo achinyamata amaonetsa zinthu zatsopano zimene apanga, ndipo mwezi uliwonse gulu limasankha chimodzi choti anthu achithandize pooda chisanapangidwe. Ndinkaganiza kuti kuli akatswiri amene amatenga chinthu, kuchitembenuza, kuchigogoda, kumva kulira kwake. Ayi ndithu. Amasankha ndi tizala. Munthu ali chigonere pabedi, sanachigwirepo chinthucho, waponya kachala kake, basi waweruza. Mayi wina anabweretsa msampha wa makoswe wabwino kwabasi, ine ndi diso langa ndinaona kuti waya wake ndi wa munthu wodziwa ntchito. Anagwa chifukwa chithunzi chake chinali chamdima ndipo kumbuyo kunkaoneka beseni. Mnyamata wina anapambana ndi sopo wamba chifukwa anamukulunga ndi riboni. Adimini, woyang'anira gululo, akangoti "ichi ndiye chinthu," onse amathamangira komweko ngati nkhuku zaona madeya.

Mwezi watha ndikupalasa foni, ndinangoona simbi yanga. Aipaka utoto wobiriwira, koma kachumuni ndi komweko. Waibweretsa ndi mwana wa Kolala. Mu vidiyomo Kolala wakhala pampando wa khushoni, kolala ili njo, nyundo waigwira pakhosi ngati akufuna kuipha. Kumbuyo kukulira kanyimbo kachisoni. Ndiye akuti, "Ndinkaona mlongo wanga akupsa manja tsiku ndi tsiku, mtima sunandilole. Ndinamupangira simbi iyi." Aphungu, mlongo wakeyo ndi mkazi wanga. Kolalayo ndi munthu amene sanabwerepo ngakhale ndi mafuta opaka pa zipserazo. Pansi pake anthu analemba, "Mlongo wotere asowa," ena kuika tinkhope tolira misozi.

Ndinapsa mtima. Vidiyoyo ndinaitumiza kwa aliyense amene ali mu foni yanga, amisiri anzanga, a kwaya, makasitomala akale, ngakhale wometa tsitsi, kuti aone wakuba. Osadziwa kuti m'gulumo amawerenganso kuti vidiyo yatumizidwa kangati. Ambiri sanamvere n'komwe mawu anga, anangoona simbi n'kuikonda. Telala amene shedi yake yagundana ndi yanga anandipeza n'kuti, "Madala, zikomo potidziwitsa, ine ndaoda kale." Mwana wanga atamva anagwira kumutu. "Ababa, msuweni wanga akanalemba munthu wa kampeni, sakanakuposani."

Ndiye ndinajambula mawu anga n'kuponya m'gulumo. Sindibisa, ndinatchula Kolala mayina a nyama zingapo. Adimini anandichotsa tsiku lomwelo. Wina anatenga chithunzi changa n'kupanga kasitika kolembedwa kuti "Agogo a simbi akwiya," ndipo akuti pano amakaponya aliyense akayamba kudandaula. Simbi inapambana.

Chifuwa chandigwira, nyundo yayamba kundilemera. Phindu lawo sindilifuna, adye okha. Chimene ndikufuna ndisanatsikire kuli chete n'chimodzi: Kolala akhale pampando womwewo, kamera yomweyo, anene ndi pakamwa pake kuti amene anamupangira simbi mlongo wake ndi mwamuna wake.

W.C., kuseri kwa msika


Bambo W.C.,

Pepani ndi za mayi. Kalata yanu sinapotoke, ndipo galu wamkota sakandira pachabe. Koma ndiyenera kukuuzani zoona, ndiye nazi: mlandu munali nawo wabwino, mwauwononga ndi pakamwa.

Anthu a tizalawo mwawanyoza mokwanira, ndipo penapake ndikugwirizana nanu, ambiri amangotsata fumbi la anzawo. Koma taganizani. Munthu wa pa foni sangagogode simbi kuti amve kulira kwake. Chimene ali nacho ndi maso, mawu a munthu amene amamukhulupirira, ndi nkhani yomugwira mtima. Telala uja anaoda chifukwa vidiyo inachokera kwa inu, mmisiri amene amamudziwa. Olira misozi aja sankalirira kolala ya mlamu wanu. Ankalirira mayi wopsa manja ndi munthu amene anamumvera chisoni. Anavotera inu osakudziwani. Tsiku limene anakumvani koyamba, anamva nkhalamba ikutchula nyama.

Lekani lero kutumiza vidiyo ija ndi kujambula mawu muli ndi mkwiyo. Kenako pitani kwa mwana wa Kolala, osati kwa bambo ake. Mnyamatayo anakula akuona satifiketi pakhoma, mwina akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akunena zoona. Mwana wanu ndi msuweni wake, akonze zoti mukumane m'shedi yanu. Ngati simbi yakale ija ilipo, ngakhale yopanda chogwirira, muikireni patebulo. Muuzeni za diresi ya mkazi wa dokotala. Ndi azakhali ake amene mukukamba, adzamvetsera. Pempho lanu likhale laling'ono ndi lomveka: dzina lanu litchulidwe pamene akutchula simbiyo.

Mwana wanu alemberenso adimini payekha, mwaulemu, kupepesa mawu aja ndi kupempha kuti mbali yanu imveke. Magulu otere amaopa kwambiri kupezeka kuti anathandiza chinthu cha nkhani yabodza, chifukwa mawa palibe adzawakhulupirire. Akakulolani, jambulani vidiyo yanu masana, panja powala, beseni mutachotsa. Nyundo muigwire mmene mumaigwirira.

Chenjezo langa ndi ili. Mawu akuti wakuba musawalembenso pagulu, chifukwa umboni wanu waukulu unapita kumanda ndipo satifiketi ili ndi Kolala. Mukhoza kupezeka woyankha mlandu ndinu. Komanso musamangirire mtendere wanu pa lilime la Kolala. Munthu amene wasita bodza limodzi moyo wake wonse sangalivule chifukwa inu mwayamba kutsokomola. Akadzavomera, tidzathokoza. Akakana, nkhaniyo mwiniwake mulipo ndipo pakamwa muli napo. Chifuwacho mupite nacho kuchipatala sabata ino, musadikire vidiyo.

Mukakhala patsogolo pa kamera, Kolala musamutchule n'kamodzi komwe. Nenani za mkono wa mayi, ndi zimene ananena atasita shati yoyamba. Mawu amenewo mlamu wanu alibe, chifukwa sanauzidwe iye.

Aphungu