Bokosi la Mavidiyo Lakana Kuyaka

Lachitatu, 14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo. Foni yanu ndaimba mpaka chala chatopa, mauthenga ndatumiza, inu zii. Ndiye ndati ndilembe kalata ndipatsire adalaivala a basi, mwina pepala mulichitira manyazi.

Bokosi lakuda lija munatiikira pansi pa TV, losunga zithunzi ndi mavidiyo, lafa. Mukudziwa kuti chimwalirireni amayi, abambo akatha kudya masana amakhala pampando wawo n'kumaonera vidiyo ya ukwati wanu, paja amayi akuvina nsapato zili m'manja. Zambiri aiwala abambo, ngakhale dzina langa limawathawa, koma nthawi ya vidiyo saiphonya. Sabata yatha ndinayatsa TV, osabwera kanthu. Bokosi limangophethira kagetsi kabuluu, kulira kamodzi, kenako chete. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinazula mawaya onse n'kuwabwezera mmodzimmodzi monga munandionetsera, ndi wopita ku rauta ya intaneti yemwe. Ayi ndithu.

Ndinalikulunga m'thaulo n'kupita nalo kwa wokonza makompyuta wa kuseri kwa sitolo ya mankhwala, amene anthu amamutcha Bwerani Mawa. Dzinalo sanamunamizire. Ndinayenda mpaka ogulitsa pakhomo pake anayamba kundipatsa moni ngati mnzawo. Tsiku limene analitsegula ndinali pomwepo, ndipo tizitsulo tonse tomangira tomwe anamasula ndinatolera m'kabotolo, chifukwa tebulo lake lili ngati padzala. Analinunkhiza, n'kundionetsa kafani koziziritsa m'kati katauma gwa, ndi malo akuda opserera pafupi pake. Kenako anasolola kaulusi kobiriwira m'kafanimo, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, bokosili mumalifunditsa?"

Ndinamuuza kuti m'nyumba mwathu mulibe chinthu chogona pambalambanda. TV ili ndi kansalu kake, makina anga osokera ali ndi kake. Inunso munanena ndi pakamwa panu kuti fumbi ndiye mdani wa bokosi limeneli. Simunanene kuti timabowo takumbuyo ndi mphuno zake. Kachivundikiro kake kobiriwira ndinakaluka nthawi yozizira, kogwira bwino ngati chipewa cha khanda, ndipo pa waya ndinasiya mpata. Iye akuti kutentha ndiko kwalipsereza. Ine ndikuti magetsi othimathimawa nawonso angathe. Sindikukangana naye, ndikungofuna mumve mbali zonse.

Anasintha adaputala ya magetsi, osayaka. Anasintha kafani, osayaka. Pomaliza anati bokosi lenilenilo tiliiwale, koma madisiki awiri a m'kati, momwe mumakhala zithunzi, akuoneka amoyo. Asanawazule ndinamuimitsa, ndinamanga ulusi wofiira pa ya kumanzere, woyera pa ya kumanja, kuopa kuti angasokonezeke ndi a eni ake. Anaseka, ati kodi ndi nkhuku zopita kumsika. Ndinamusiya aseke.

Anabwereka bokosi la mtundu womwewo kwa mnzake, tinaikamo madisiki, ndipo linayaka bwinobwino n'kuonekera pa kompyuta yake. Ndinatsala pang'ono kugwada. Koma achimwene, madisikiwo munawakiya ndi pasiwedi. Munkabisira ndani? Wakuba wake uti angafune kuona amayi akuvina? Tinayesa dzina lanu, la alamu, la amayi, masiku obadwa a ana, timu yanu ya mpira, mpaka dzina la galu uja anagundidwa ndi galimoto. Zonse linakana.

Atatopa, Bwerani Mawa anati ilipo njira yachidule, yongoyambiranso zonse ngati latsopano. Dzanja linali kale pa mausi. Ndinamufunsa kuti nanga mavidiyo atani.

"Amenewo apita, mayi, koma zinthu zigwira ntchito."

Ndinamugwira pamkono. "Bambo, ine bokosi ndilibe nalo chibale. Chotsani dzanja."

Madisiki ndabwera nawo kunyumba, ali m'dirowa ya makina, osafunditsidwa. Mwini bokosi lobwereka akulifuna Loweruka, ndipo akuti lina lotere kuno silipezeka wamba. Ndiye chonde, mukangowerenga, imbani mundiuze pasiwediyo, chilembo chilichonse, chachikulu ndi chaching'ono, ndidzakhala ndi cholembera. Ngati mwaiwala, nenani kuti mwaiwala, sindikudyani. Kukhala chete ndiko kukundidwalitsa. Ndikudziwa kuti foni yanu imene inajambula ukwatiwo inatayika, koma funsanibe alamu ngati vidiyoyo sanaisunge pena pake.

Abambo sindinawauze zoona. Ndimati magetsi avuta, babu lili ngwee pamutu pawo, iwo n'kungogwedeza mutu. Amakhalabe pampando paja nthawi yomweyo, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi, kuyang'ana TV yozima. Dzulo anandikoka chovala pamene ndimadutsa ndi mbale.

"Mayi ako achedwa lero."

Ndinati akubwera, ali m'njira. Musandisandutse wabodza, achimwene.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana onse, makamaka wamng'onoyo amene agogo ake aakazi sanamuone. Aneba akupereka moni. Abambo nawonso akuti moni. Nditawauza kuti ndikulembera inu, dzina lanu analitchula bwinobwino osaphonya, n'kufunsa ngati mubwera nawo amayi.

Kachivundikiro kaja ndakamasula. Ulusi wake ndikuwalukira abambo masokosi.

Ndine mlongo wanu wamkulu,
amene foni yake ili m'thumba usana wonse.