Sitinagule ya Zitseko Zinayi

Msoro,
Mambwe.
14 Okutobala 2024

Okondedwa asisi Purity,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Edmund ndi ana kumeneko ku Solwezi. Kuno kwatentha monga mwa masiku ano. Mtsinje wa Lupande watsala mchenga wokhawokha, ndipo njovu zayamba kale kuzungulira mitengo ya mango isanapse n'komwe.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni simundipatsa mpata. Komanso netiweki yathu mukuidziwa, imapezeka pa chulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo munthu ukamalankhula pamenepo mudzi wonse umamvera nawo. Kalatayi ndapatsira Remmy, mwana wa aneba athu, amene akubwerera ku ntchito kumigodi.

Nkhani ndi yakuti galimoto tagula, koma si ija munasankha inu. Musayambe kukalipa musanafike kumapeto.

Mukudziwa kuti chiyambire pamene madokotala a ku Chipata anapeza chotupa m'mimba mwa atate, n'kunena kuti apite ku chipatala chachikulu ku Lusaka, iwo akhala akukana. Lero ati basi imagwedeza, mawa ati thonje silinagulitsidwe, mkuja ati mbuzi zitsala ndi yani. Pamene akutero thupi likutha. Lamba wawo uja wa ku ntchito ya usikauti wolondera nyama zakuthengo ndawabowolera mabowo ena atsopano. Ndiye inu ndi alamu munati tichotse chifukwa cha basi, tigule galimoto yatsopano iwatenge pakhomo mpaka pachipatala, pambuyo pake ine ndiziyendetsa ya hayala m'malo mongodikira nyengo ya alendo odzaona nyama ku makampu. Munasankha dabulo kebu, ya zitseko zinayi, kuti atate azitha kutsamira kumpando wakumbuyo amayi ali pambali. Munanditumiziranso zithunzi za zowonjezera: mipando yachikopa, magalasi akuda, kamera yoonera kumbuyo ndi chivindikiro chotsekera katundu. Zonsezo ndinazisunga mu foni, ndipo ndinanyamuka ndi mtima wokagula zomwezo.

Sindinayembekeze kuti atate angapite nawo. Ndinangowapeza kumsewu atavala jekete la kutchalitchi, akudikira kanta, lole yonyamula anthu ndi katundu ya ku Chipata.

"Akuti motoka ndi yanga," anatero. "Ndikaione."

M'manja anali ndi bango lalitali, lowaposa iwo pang'ono. Ine ndinati mwina miyendo yayamba kuwavuta ndipo akuchita manyazi kugwira ndodo yeniyeni. Mu kanta analigoneka m'mbali, n'kuliponda ndi phazi njira yonse kuti matumba a anthu asalithyole. Sindinafunse, chifukwa atate athu ukawafunsa chinthu amakuyankha za nyengo.

Kogulitsa magalimotoko tinalandiridwa ndi mtsikana wina dzina lake Queen, wa ku Lusaka, waulemu ndiponso wodziwa ntchito yake. Anatipatsa mipando ndi madzi ozizira, kenako anatitengera ku dabulo kebu yoyera, yofanana ndendende ndi ya m'chithunzi chanu. Ndisaname, asisi, ndi galimoto yokongola. Ndinakhala pachiwongolero ndikudziona kale ndikulowa pa Mfuwe anzanga a ku kampu atatsegula pakamwa. Atate anakhala kumbuyo, anadina mpando ndi chala, n'kununkhiza chikopa.

Tinayamba kukambirana mtengo. Ine ndinalankhula monga munandiphunzitsira: kuti tikulipira zonse pakamodzi, kuti tafunsanso kwina, kuti tachokera kutali. Queen anatsitsako pang'ono, n'kuwonjezera makapeti apansi ndi mafuta odzaza thanki. Ndinaona ngati ndachita zamphamvu. Atate ndiye anaona ngati ndikuseweretsa ndalama zanu.

"Mwana wanga, mtengo womaliza?"

"Ndiye wamene uyu, atate. Ndachotsapo kale teni sauzande."

Atate ananyamuka, n'kutuluka panja pang'onopang'ono, monga amachitira pamsika akamagula njinga, kuti wogulitsa awathamangire. Koma kumeneko sathamangira munthu. Anaima padzuwa kanthawi ndithu akuyang'ana msewu, mpaka Queen anawamvera chisoni n'kuwapititsira madzi ena. Anabwerera limodzi, iwo akuoneka ngati apambana, ndipo mtsikanayo anachotsapodi kena kochepa, ndikuganiza chifukwa cha ulemu chabe.

Ndinali nditatulutsa kale cholembera pamene atate anati titsegule chitseko chakumbuyo, konyamulira katundu. Anatenga bango lija n'kuligoneka mmenemo. Linatsala kunja pafupifupi mkono wathunthu. Analitembenuza mopingasa, ngodya ndi ngodya, koma linakanabe. Anaimirira atagwira m'chiuno.

Queen anafuna kuthandiza. "Ni mapulanga mufuna kunyamula, atate? Olo malata? Palibe vuto. Mungosiya chitseko chotsegula, zotsala zizituluka kumbuyo. Mwamangako kansalu kofiira, apolisi savuta."

Atate anamuyang'ana mofatsa. "Ndiye kuti miyendo yanga izidzalendewera kunja, kuchokera ku Lusaka mpaka ku Msoro, ili ndi kansalu kofiira?"

Apa m'pamene ndinazindikira bango lija. Inu ndi ine tinakula tikuliona. Munthu akamwalira kwathu kuno amadula bango, kumuyeza nalo, n'kulipereka kwa okumba manda ndi okhoma bokosi. Kungoti la munthu wamoyo ndinali ndisanalionepo, n'chifukwa chake ndinayenda nalo ulendo wonse ngati chitsiru. Pambuyo pake ndinamva kuti anawayeza ndi a Paskale, anungwe athu aja amene amatiikira maliro n'kumatiseka tikulira. Anachita zimenezi kuseri kwa nkhokwe amayi atapita ku msonkhano wa amayi a mpingo. Atate anagona pamphasa, a Paskale n'kuwonjezerapo chikhatho chimodzi cha matabwa, uku akuwanena kuti afupika ndipo sadzatha mapulanga ambiri.

Queen anagwira pakamwa. Anapepesa kambirimbiri, maso ali pansi.

"Simunalakwe, mayi," anatero atate. "Mwayankha zimene mwaona." Kenako anatembenukira kwa ine, ngakhale ndikuganiza kuti amalankhula ndi inu. "Fabiano, mng'ono wanga, anakwera basi ndi miyendo yake kupita ku chipatala chomwecho. Atamwalira motoka yomubweza inatikanika. Anagona komweko, pakati pa anthu osamudziwa. Chaka chatha mwana wake anakafuna manda aja, anazungulira tsiku lonse osawapeza. Ine Lusaka sindikumuopa, Yotam. Mpeni wa dokotala sindikuuopa. Ndikufuna ndidziwe kuti ndidzabwerako, kaya nditakhala, kaya nditagona."

Inu munalipo pa maliro a atate aang'ono a Fabiano, ndiye sindiwonjezerapo.

Pakona panali ina ya zitseko ziwiri, singo kebu, yopanda chokongola chilichonse, mawilo ake achitsulo wamba. Ndi ija amagula a makampani a thonje. Atate anapita okha, anatsegula kumbuyo, n'kugoneka bango. Linalowa lonse, malo n'kutsalako. Anatseka chitseko, anachigwedeza kuti aone ngati chagwira, n'kunena kuti, "Iyi."

Ndinatuluka panja kuti ndikuimbireni. Ndalama ndi zanu, siginecha ndi yanga, ndipo ndinali wokwiya. Ndinakwiyira atate chifukwa chondiyendetsa ndi chinthu chotere mu kanta yodzaza anthu, ndinakwiyira a Paskale, ndinakwiyanso chifukwa galimoto yokongola ija inali kundipulumuka. Ndinapeza nambala yanu, koma ndinadziwa zimene mukananena: kuti tisawalole kulankhula za imfa, kuti tigule ija tinagwirizana. Mukananena zoona. Koma tikanabwera nayo kunyumba ya zitseko zinayiyo, n'kuiimika pansi pa mtengo, atate n'kupeza chifukwa china chokanira. Ndinabweza foni m'thumba.

Nditalowanso ndinapeza akusankha zowonjezera, ndipo ndikuuzeni, chichokereni kuchipatala sindinawaonepo ali ndi mphamvu ngati tsiku limenelo. Queen amawerenga za m'zithunzi zanu, iwo akukana chimodzichimodzi. Mipando yachikopa ati imawotcha matako mu Okutobala. Magalasi akuda ati ndi a anthu amene ali ndi chobisa. Kamera yoonera kumbuyo ati Yotam ali ndi khosi. Chivindikiro sanachiyankhe n'komwe.

"Nanga mufunako chani, atate?" anafunsa Queen.

"Zitsulo za m'mbali, zazitali bwino. Amayi a kwaya adzagwira pati?"

Queen analemba.

"Ndi chipaipi chija chopumira injini m'mwamba, monga za ku makampu. Zikadzachitika mu Febuluwale, Lupande atadzaza, sindifuna kudzagona kutsidya kudikira madzi aphwe."

Anawonjezera tenti yofunditsa kumbuyo chifukwa cha mvula ndi fumbi, ndi tayala lachiwiri lapadera chifukwa msewu wathu mukuudziwa. Kenako anayambiranso za mtengo, tsopano mwaukali weniweni. Anati galimoto yopanda mipando yakumbuyo ndi theka la galimoto, ndiye mtengo ukhalenso theka. Anati utoto woyera ndi wotchipa. Anati iwo anagwira ntchito yolondera nyama za dziko lino mpaka mawondo kutha, ndiye dziko liwaganizireko. Queen anaseka, misozi ili m'maso, n'kupita kwa bwana wake. Atabwerako anati theka silingatheke, koma zitsulo ndi tenti atipatsa ulere. Atate anamugwira chanza ngati agulitsana mbuzi.

Motero yatsika mtengo kuposa ija yanu. Zotsala zili kubanki, sindinakhudzeko, zidzathandiza kuchipatala. Mapepala onse ndidzakuonetsani.

Bango ndinalithyola ine ndemwe n'kuliponya mu dilamu ya zinyalala panja pa sitolo. Atate anaona, koma sanandiletse. Ntchito yake inali itatha, ndipo sindinafune kuti libwerere kunyumba amayi akalione.

Tikudikira kanta yobwerera, atate anagula nthochi, anadya imodzi yathunthu, chinthu chimene sanachite kwa nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti galimoto ituluka liti. Ndinati akamaliza kumanga zitsulo ndi kulembetsa nambala, sabata yamawa.

"Ndiye uwaimbire adokotala aja," anatero akupukuta zala pa jekete. "Uwauze kuti tikubwera."

Ndinawaimbira pomwepo asanasinthe maganizo. Atipatsa Lolemba loyamba la Novembala, hafu eiti m'mawa. Atate sanabwezenso mawu. Mbuzi apereka kale kwa Luckson, mwana wa azakhali, kuti aziyang'anira, ndipo auza amayi kuti awachapire malaya abwino.

Tsopano zopempha zanga ndi izi. Choyamba, amayi za bango sakudziwa. Iwo akuti tasankha galimoto yaikulu kumbuyo kuti tizinyamula mabelo a thonje ndi chimanga, ndipo auza kale mpingo wonse kuti mwana wawo wamkazi ali ndi nzeru. Muwasiye choncho. Chachiwiri, mukatipeze ku Lusaka ngati alamu angakuloleni, ndipo mubwere ndi pilo wabwino, chifukwa mpando wake ndi wouma ndipo subwerera m'mbuyo. Amayi adzakhala pakati, atate kuwindo. Chachitatu, mukadzaiona galimotoyo musadzakwinye nkhope monga mumachitira. Atate adzakhala akukuyang'anani. Mudzangoti ndi yabwino.

Ngati mukufuna kukalipira munthu, mukalipire ine. Ndidzakhala ndi nthawi yambiri yomvera pa benchi ya chipatala.

Mlamu wanu Lillian akupereka moni, ndi ana onse. Amayi akuti muwapsompsonere adzukulu, ndipo akufunsa ngati chitenje chija munawalonjeza chilipobe. A Paskale akuti ndikuuzeni kuti mwawalanda ntchito yonyamula maliro, ndiye mudzawalipire. Ndawayankha kuti adikire kaye. Atate akuti moni kwa apongozi awo a Edmund. Kwa inu anaganiza nthawi yaitali, kenako anati, "Umuuze kuti ndalandira." Mukuwadziwa, pamenepo ndiye kuti anena zambiri.

Popita ndiyendetsa ndine, pang'onopang'ono, ndi kuima paliponse pamene angafune. Pobwerera ndidzayendetsanso ndine, zimenezo ndawalonjeza, ndipo sindidzapatsa munthu wina chiwongolero. Chimene sindikudziwa ndi kumene iwo adzakhale. Ndili ndi mantha, asisi. Mutipempherere kuti adzakhale kutsogolo.

Ndine mlongo wanu,
Yotam