Tsiku Limene Ndinapita Kukatukwana Mulungu

Lolemba, 10 Malichi 1958

Ndabwerera kuntchito. Sitima ya ku Livingstone yafika ndi ludzu lake lija, ndaimwetsa madzi, yapita. Popanda ine Bartholomew Jere, womwetsa injini pa siteshoni ya Kafue, Chitaganya chonsechi cha Rhodesia ndi Nyasaland chikanafera pamlatho, lilime panja. Ndamuuza kapitawo wathu Gordon zimenezi. Sanaseke. Masiku ano anthu akundigwira ngati mbale yong'aluka.

Sabata yatha chiikire mwana wathu Elina. Anali ndi zaka zinayi. Malungo. Sindinalire. Ine kulira? Amayi ankati pobadwa ndinatuluka ndikuseka azamba.

Mkazi wanga Ursula sanandiyankhule chichokere kumanda. Nshima amaika, ndiwo amaika, mawu ayi. Inenso lilime likukodwa. Ndinazolowera kuti amake Elina. Tsopano ndiziwaitana chiyani?

Lachitatu, 12 Malichi

Ndilembe zimene ndinachita, mwina papepala zioneka zanzeru.

Ife Angoni ndi Abemba ndi pachimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala. Akafedwa iwo, ife timakumba, kuphika, kunyamula bokosi, kwinaku tikuwanyoza ndi kuwapaka ufa kumaso. Sakwiya, ndi mwambo. Tikafedwa ife, amabweza. Pa ntchito imeneyi ine ndine katswiri kuyambira kuno mpaka ku Broken Hill. Pamaliro a amalume ake a Maybin, mnzanga wa pachimbuya, ndinalengeza kuti mkuluyo wafa ndi njala poti anyani, ndiwo za Abemba, atha m'tchire. Namfedwa anaseka mpaka duku kugwa.

Ndiye tsiku la Elina, Maybin yemweyo, mbuya wanga, Mbemba wokonza njinga pamsika, anabwera kudzabweza. Anakumba. Kabokosi ananyamula yekha m'manja. Ufa anandipaka pang'ono chabe, nthabwala zake zofooka ngati tiyi wa m'chipatala. Ndani anaimirira kuti amuphunzitse ntchito? Chitsiru chino. Ndinaseketsa anthu pamaliro a mwana wanga yemwe. Wofedwa amasekedwa, saseketsa, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Ursula anandiyang'ana kamodzi.

Papepala sizikuoneka zanzeru.

Lamulungu, 16 Malichi

Kutchalitchi sindinapite. Ndinati m'mimba. Ndakhala kumtsinje kuonerera asodzi, ndi kuwauza za mlamba umene ndinagwira chaka chatha, umene unafuna ngolo.

M'mimba mulibe kanthu. Nkhani ndi iyi. Elina ankakhulupirira kuti sitima zonse ndi zanga, kuti ikamalira pamlatho ndiye kuti ikupempha chilolezo kwa atate ake. Atatentha thupi ndinamuuza kuti malungo amandiopa. Anakhulupiriranso. Mulungu ndinamupempha bwinobwino, ndi ulemu wonse, maondo pansi. M'mawa umene mwana anapita ndinazungulira kuseri kwa thanki ya madzi, ndinayang'ana kumwamba, ndinamuuza Mwini wake mawu amene sindinauzepo ngakhale Mbemba. Sindiwalemba. Tsopano ndikalowe bwanji m'nyumba mwake? Munthu amene wamutukwana sukamudyera nshima.

Ursula pobwera ku Misa wayankhula. Loweruka akukwera sitima ya ku Lusaka, kenako basi ya ku Fort Jameson, kwao. Akuti, "Sindingalire ndekha m'nyumba ya anthu awiri."

Ine ndinati akapereke moni kwa mbewa zonse za kumeneko.

Pakamwa panga pafunika loko.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ursula atulutsa bokosi lawo lachitsulo kunsi kwa bedi. Nsalu, mapoto awiri, kadiresi kofiira ka Elina. Mpaka chikombe chabwino chija. Andisiyira chothyoka.

Ndinaganiza nzeru. Akufuna misozi? Misozi ndi madzi, ndipo madzi ndiye ntchito yanga. Ndinaima dala mu utsi wa injini ya katundu, maso tong'o, mpaka inatsika, yakuda ngati inki. Ndinathamangira kunyumba isanaume. Anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato. "Ndi utsi umenewo. Kasambeni."

Ndinakasamba.

M'chifuwa muli chimwala chachikulu ngati injini yomweyo. Sitima ikalira pamlatho ndimayamba kuimba mokweza kuti ndisamve. Gordon akuganiza kuti ndayamba kumwa. Bola akanakhala mowa.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndadutsa pamsika. Maybin ali chigonere pansi pa njinga ya mphunzitsi. "Shani, uli bwanji kadya mbewa? Ndamva akukuthawa. Achedwa."

Ndinafuna kubweza, palibe chinatuluka. Ine! M'malo mwake ndinamuuza za kuseri kwa thanki, mawu onse, mmodzimmodzi. Ndinayembekeza kuti asuntha, kuopa mphezi. Anangopitiriza kumanga tcheni. Kenako akuti, "Iwe wanditukwana ine kuyambira tili ndi tsitsi. Manda a mwana wako anakumba ndani?" Ndinati iwe, ndipo unakumba mokhota. Akuti, "Nomba tsopano ukuganiza ba Lesa, Mulungu yemweyo, ndi ochepa mtima kuposa ine wokonza njinga? Pita ukawatukwane pamaso, osati kuseri kwa thanki ngati wakuba nkhuku."

Ndinamuuza kuti ndipita mawa lomwe, ndipo denga la tchalitchi likasasuka adzafolera ndi iye.

Ndakonza mawu anga. Ndi amphamvu. Ngakhale loya wa ku Lusaka sangawayankhe.

Bokosi lamangidwa chingwe.

Lachisanu, 21 Malichi

Izi ndilemba ndithu.

Ndinapita masana, sitima ya katundu itadutsa. M'tchalitchi mopanda munthu, mileme yokha kudenga. Chipewa sindinavule, dala. Ndinayenda mpaka kutsogolo ngati kapitawo, ndinaima pamaso pa mtanda, ndinakhosomola.

Mtanda umenewo ndauona kuyambira ndili mwana, koma kuuyang'ana ayi. Ndinapeza anzanga ananditsogolera kalekale. Kumunyoza anamunyoza, malovu, minga, misomali, zonse. Ntchito yatha, ine ndachedwa. Ndipo Iye manja akadali chitambasulire, ngati munthu wodikira mwana wothamanga.

Mawu anga a loya aja anathawa onse. Chinatuluka ndi ichi chokha: mwana wanga ali kuti?

Kenako phokoso. Ndinacheuka kuona ngati ng'ombe yalowa. Ndinali ine. Chipewa pansi, maondo pansi, mamina, zonse. Munthu amene anaseka azamba! Ndinadikira kuthamangitsidwa. Palibe anandithamangitsa. Ndikanena kuti ndinamva mawu ndinama, ndipo lero sindikufuna kunama. Ndinangomva ngati mmene Elina ankachitira akakwiya, kundimenya pachifuwa ndi tizibakera take, ine nditamugwira, osamusiya, mpaka atatopa. Koma lero womenya ndinali ine.

A Titus akatekisiti analowa ndi tsache. Anakhala pabenchi pafupi nane, tsache pamiyendo. Patapita nthawi akuti, "Lirani, bambo. Mwini nyumba ino nayenso anaikapo mwana."

Denga silinasasuke. Maybin wapulumuka.

Kunyumba Ursula anayang'ana maso anga, kenako dothi la m'maondo. Ndinati ndi malasha. Sanati kasambeni. Koma chingwe sanamasule, ndipo ine, katswiri wa pakamwa, sindinapeze liwu loti musapite.

Chimwala chilipo. Chachepa. Mwina ngati njinga.

Loweruka, 22 Malichi

Ursula anabwera ku siteshoni bokosi lili pamutu. Ine pamwamba pa thanki, kudzionetsa wotanganidwa ndi mpope umene unalibe vuto. Maybin anawaperekeza, poti mbuya ndiye amanyamula zolemera, koma iye ananyamula kathumba kokha.

Sitima inalira pamlatho.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiimbe. Ndinatseka. Ndinaisiya ilire mpaka imalize, ndipo mmene inkamaliza ndinali nditatsika makwerero, sindikudziwa bwanji, ndaima pamaso pa mkazi wanga. Ndinati, "Ikupempha chilolezo kwa atate ake." Basi, ng'ombe ija inabweranso. Pamaso pa Gordon, amayi ogulitsa nsomba, dalaivala wachizungu, ndi theka la Northern Rhodesia lili m'mawindo.

Anatula bokosi. Tinakhala pamenepo tonse awiri, kulira ngati mapasa. Injini anamwetsa ndi Gordon, theka la madzi anathira nsapato zake. Sitima inapita. Chitaganya sichinafe.

Kathumba ka Maybin kanali ka ufa. Akuti anasunga wotsala pamaliro poti ntchito sinathe. Anandipaka kumaso ndi manja onse awiri, ufa ndi misozi, ndi kukuwa kuti, "Bwerani ndi shuga, Mngoni wasanduka phala!" Ndinakhala chete, monga wofedwa. Amene anaseka ndi Ursula, misozi ili m'masaya. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata m'mano.

Ndinawafunsa kuti ndiziwaitana chiyani. Akuti, "Ndine amake Elina. Musasinthe."

Mawa ku Misa. Ndili ndi zoti ndikaulule zokwana wansembe atatu. Funso langa lija silinayankhidwe bwinobwino, ndikafunsanso, koma chipewa chili m'manja.

Pobwerera bokosi ndinasenza ndine. Ndinatsala pang'ono kunena kuti kwa munthu ngati ine ndi nthenga chabe. Ndinati likulemera. Amake Elina anagwira mbali inayo.