Mikuyu Iwiri ndi Chitsa cha Mapeyala

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo. Mvula yagwa kawiri tsopano chikuikireni m'manda, ndipo ya chaka chino inabwera bwino. Kumudzi akolola chimanga chokwanira, mtedza wokha ndiwo unavuta. Mdzukulu wanu Tadala anachira mwana wamkazi mwezi wathawu, tamutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chomwe chija, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira mukamva kuti ndagula ndiwo za dzana. Ine ndikadali kuofesi ku City Centre. Mawondo ayamba kundivuta pokwera masitepe, koma si za mawondo zimene ndakulemberani.

Pali nkhani ziwiri zimene ndakhala ndikukubisirani, ngati kuti munthu angabise kanthu kwa amene ali kumene muliko. Yoyamba ndi ya mwana wanu Limbani. Yachiwiri ndi ya mtengo wanu wa mapeyala.

Mukukumbukira mmene tinkakanganirana za mtengowo. Munabzala nthangala yake chaka chimene munasamukira kwathu kuno ku Area 15, ndipo unakula mpaka kupitirira denga osabala ngakhale peyala limodzi. Anzanu ankakuuzani kuti muukhomere misomali kuti udzidzimuke, inu munkakana, mumvekere mtengo si khoma. Munkangoukumbira m'mbali ndi kuthirapo manyowa a nkhuku. Ine ndikadandaula za masamba otseka ngalande, yankho lanu linali limodzi: "Felesiya, uusiye chaka chino chokha." Mawu omwewo ndi amene munkanena Limbani akabwera ataledzera, atachotsedwanso ntchito kwina. Ndinkawerenga zaka zimenezo, Amayi, ndipo ndinkaona ngati mukumuwononga.

Patatha miyezi iwiri chimwalirireni, amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera nane. Limbani analowa pakati pa nyimbo, akununkha kachasu, n'kukhala pampando wanu n'kuyamba kulira mokweza. Ndinachita manyazi. Alendo atapita ndinamulongedzera zovala m'chikwama, ndinachiika kunja kwa geti, ndipo ndinamuuza kuti ngakhale Ambuye anautemberera mkuyu wosabala. Limbani ananyamula chikwamacho n'kumapita. Sabata yomweyo ndinaitana munthu wa nkhwangwa.

Mtengowo utagwa, ndinapita kukaona nsonga zake, zimene sitinkaziona tili pansi. Zinali ndi maluwa, Amayi, ndipo apa ndi apo panali timapeyala tating'ono ngati nzama. Ndinasesa zonse msanga wina asanaone.

Ndinakhala choncho kupitirira chaka, ndikudziuza kuti ndinachita zoyenera. Tsono mwezi wathawu a kumpingo anandipempha kuti ndikaphunzitse amayi Lachinayi za mkuyu wosabala. Mukundidziwa, ndinayala mabuku patebulo ngati ndikukalemba mayeso. Mmenemo ndi mmene ndinaona chimene ndinali nditachiwerenga kambirimbiri osachiona: mikuyu yosabala ilipo iwiri, si umodzi.

Lolani ndikufotokozereni, ngakhale munkaseka kuti ine ndikhoza kufotokozera munthu njira ya kunyumba kwake komwe. Mkuyu wa m'Malemba si uja wa kudambo kwathu umene ana amagenda. Ndi mtengo wa m'munda, ndipo akuti tizipatso take toyamba timatuluka pamodzi ndi masamba. Ndiye munthu wanjala akauona patali uli biriwiri, amayembekeza kupezapo kanthu. Umene Ambuye anautemberera unali wotero: masamba ambiri, chipatso ayi. Mlandu wake sunali kusabala kokha. Unali kuoneka ngati uli nazo pamene ulibe. Ndipo nkhaniyo inachitika masiku amene Ambuye ankadzudzula anthu a m'Kachisi, anthu odziwa malamulo ndi mapemphero. Sankanena za zidakwa.

Mkuyu wachiwiri uli m'fanizo. Mwini munda watopa, zaka zitatu akubwera osapeza chipatso, ndipo akuti udulidwe chifukwa ukungotha nthaka. Wosamalira munda akupempha chaka chimodzi chokha kuti aukumbire ndi kuuthira manyowa. Fanizolo limathera pomwepo. Silinena ngati unabala kapena ayi. Ndinabwereza kuwerenga kufuna mathero, koma palibe. Chimene chilipo ndi munthu waima pakati pa mtengo ndi nkhwangwa.

Limbani sanayambe wadzionetsa ngati wabwino. Ankalephera poyera, aliyense akuona. Iye anali mkuyu wachiwiri, inu munali wosamalira munda, ndipo ine ndinamuponyera temberero la mtengo wina. Nanga wa masamba ambiri uja ndani, ngati si ine wa yunifolomu yosita ndi mavesi a pamtima? Lachinayi lija ndinafika pa mawu opempha chaka chimodzi, ndinalephera kupitiriza kuwerenga. Amayi ena anayambitsa nyimbo kuti andipulumutse.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Old Town kukamufuna. Ndinali nditamva kale kuti ali kuseri kwa msika, kwa a Twaibu, mmisiri wa malata wopanga ndowa ndi mbaula. Ndinkadziwa zimenezi kwa miyezi, osapitako. A Twaibu ndi bambo wachisilamu, wa ndevu zoyera, wolankhula motsitsa. Anandiuza kuti anamupeza akugona pakhonde la shopu yawo, anamupatsa nyundo, ndipo kawiri konse Limbani anasowa n'kubwerera ataledzera. Ndinawafunsa chifukwa chake sanamuthamangitse. Anati akanamuthamangitsa akanapita kuti, poti kwawo anali atathamangitsidwa kale. Sananene mondinyoza. Sankadziwa n'komwe kuti wothamangitsayo ndi amene akulankhula naye. Anawonjeza kuti papita miyezi isanu ndi iwiri asanalawe.

Limbani wanenepako, Amayi. Manja ake ali ndi zipsera za malata. Anandipukutira mpando, anafunsa za Tadala ndi khanda. Ine, m'malo mongopepesa, ndinayamba kumulongosolera za mikuyu iwiri. Anandimvetsera akuwongola chidutswa cha lata, kenako anaseka pang'ono.

"Asisi, simunasinthe. Mwabwera ndi phunziro."

Ndinamupempha kuti abwerere kunyumba. Anakana mwaulemu, anati kumene ali kuli bwino ndipo sakufuna kuyambiranso kuyenda monyang'ama pakhomo pa munthu. Sindinalimbikire, chifukwa ndinalibe poyambira. Ndikutsanzika, analowa m'shopu n'kutuluka ndi kheni yothirira mbewu, yatsopano, yoti wapanga yekha.

"Muzikathirira mtengo wa Amayi. Kodi unabala?"

Ndinayankha kuti sunabalebe. Iye anati, "Muusiye chaka chino chokha," akutsanzira mawu anu, mpaka a Twaibu anaseka osadziwa chimene akuseka. Ine ndinalandira kheniyo ndi manja awiri n'kupita kukakwera minibasi.

Kheniyo ili kuseri, pambali pa chitsa. Chitsacho chinauma, sichinaphukire. Ndimaiona m'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito, ndipo ndikudziwa kuti ndawonjeza bodza pamwamba pa zimene ndinamulakwira kale. Ndikuopa kuti akamva zoona, kakhomo kamene wanditsegulirako adzakatsekanso. Mtengo uja ndi chinthu chotsiriza chimene manja anu anasiya, ndipo ndinaudula uli ndi zipatso.

Ndikadakumverani mukadali moyo. Munkadziwa kuwerenga pang'ono chabe, mukuloza ndi chala liwu lililonse, koma fanizolo munalimvetsa kuposa ine wa masatifiketi.

Ndikulonjezeni ichi, Amayi. Loweruka likubwerali ndibwerera kwa a Twaibu, m'chikwama mulibe buku lililonse. Ndikamuuza Limbani za nkhwangwa, za maluwa, ndi za timapeyala timene ndinasesa. Ndikatha kunena ndikakhala chete, alankhule iye. Akandithamangitsa, ndidzapitanso Loweruka linalo.

Ndine mwana wanu amene amakukondani ndi kukusowani,

Felesiya