Chikondi cha amayi a Chigwirizano chikundithera ndalama za malonda

Aphungu,

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa pakanapanda inu bwenzi ndikadali pa geti la sukulu ndi beseni la zitumbuwa. Chaka chatha munayankha bambo wina wokonza mafiriji kuti masiku ano munthu akafuna chinthu amayamba wafunsa foni, ndiye wamalonda azipezeka pomwe anthu akufunsirapo. Mawu amenewo ndinawadula m'nyuzipepala n'kuwamata pa chitseko cha kabati ya m'khitchini. Alipo mpaka lero, ngakhale kuti ayera ndi fulawa.

Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25. Ndimaphika makeke a ukwati, a chinkhoswe ndi a tsiku lobadwa. Amuna anga ntchito yokhazikika inawathera ku Kanengo zaka zitatu zapitazo, pano amangoitanidwa nyengo ya fodya. Miyezi yotsalayo keke ndi imene imatidyetsa.

Mu Julayi ndinalimba mtima. Kasitomala wanga wina, Betty, wogwira ntchito mu ofesi ku City Centre, anandithandiza kuika malonda anga pa Google. Tinasankha mawu amene anthu amalemba akamafuna keke, monga "wedding cakes Lilongwe", tinalumikiza khadi langa la ku banki, n'kuika malire a ndalama za patsiku. Betty anandifotokozera kuti kuoneka kokha sindilipira, ndimalipira munthu akadina pa dzina langa. Mwa kuwerengera kwanga kwa m'khitchini, kudina kumodzi kumadya dzira limodzi, ndipo patsiku ndinalola thireyi imodzi.

Aphungu, zinagwira! Sabata ziwiri zoyamba ndinalandira maoda anayi kwa anthu amene sindinawaonepo chibadwire, wina mpaka wa ku Area 47. Ndiye ine pakamwa panga, chimwemwe sindisunga. Lachinayi ku Chigwirizano cha amayi a kumpingo kwathu ndinaimirira kupereka umboni, ndinatulutsa foni, ndinawaonetsa dzina langa lili pamwamba penipeni. Kunali nthungululu.

Sabata yotsatira zinthu zinatembenuka. Ndalama za tsiku zinkatha isanakwane eyiti koloko m'mawa, koma foni zii, osalira. Ndinaonjezera thireyi yachiwiri, nayonso inapita. Ndinafika poganizira anzanga ophika makeke a ku Kawale kuti akundichita chipongwe, Mulungu andikhululukire. Kenako mtsikana wina amene ukwati wake uli mu Okutobala anakumana nane pa msika wa Nsungwi, akuti, "Anti, ndinakufufuzani pa foni nthawi ya lanchi, simunaoneke, ndapereka kale dipoziti kwina." Inali keke yosanjikiza kanayi. Ndinafika kunyumba osagula ngakhale tomato amene ndinapitira.

Lachinayi lapitali ndi pamene ndinadziwa. Titatuluka m'tchalitchi, wapampando wathu Amayi Masiye anandigwira dzanja, nkhope ili ngwee, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukuona m'mene tikukukwezera? Ine ndikadzuka ndi pemphero, kenako ndimakudina, ndiye tsache pambuyo. Tinatsegula gulu lina pa WhatsApp lopanda iwe kuti usachite manyazi. Tonse makumi atatu ndi anayi, palibe wojomba. Ngakhale achemwali anga a ku Mitundu ndinawaphunzitsa."

Ndinangoti, "Ambuye akudalitseni, Amayi," uku ndikumwetulira ngati chitsiru. Iwo akuganiza kuti zili ngati pa Facebook, paja kwaya yathu inapambana mpikisano chifukwa aliyense anadina chithunzi chake.

Mundimvetse, sindikudandaula za amayiwa. Uvuni imene ndimaphikira inali ya Amayi Masiye. Anandipatsa amuna anga atachotsedwa ntchito, sanalole ngakhale tambala. Ena mwa amayiwa amadula ndalama ya ndiwo kuti agule bandulo, n'cholinga choti andidine ine. Ndikaganiza zimenezo misozi imalengeza. Ndingayambire pati kuwauza kuti chikondi chawo ndi chimene chikundibisa kwa makasitomala? Koma nyengo ya maukwati yayandikira, kuyambira Seputembala mpaka Disembala, ndipo ikandiphonya chaka chonse chapita. Betty akuti mwina ndikweze mtengo umene ndimalola pa kudina kumodzi. Amuna anga akuti nditseke zonse, ndibwerere ku zomata mapepala m'mitengo. Ndithandizeninso monga munachitira poyamba.

T.K., Area 25, Lilongwe

Mayi T.K.,

Kalata yanu yandiseketsa mpaka kutsokomola, kenako yandiganizitsa. Anthu ambiri amandilembera kuti adani akuwagwetsa. Inu mukugwetsedwa ndi abwenzi makumi atatu ndi anayi odzuka m'mamawa. Paja amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma zala zonsezi zakwanitsa kuswa thireyi ya mazira tsiku lililonse. Musalire, vuto lanu ndi lokonzeka, ndipo ambiri angalisirire.

Lero lomwe imitsani kaye malondawo. Pali batani loimitsa, silifafaniza chilichonse chimene munakonza ndi Betty. Musatseke zonse monga akunenera bambo a kunyumba. Maoda anayi aja sanagwe kumwamba.

Za kukweza mtengo, Betty wakufunirani zabwino koma apa ayi. Funsani amuna anu m'mene okushoni ya fodya imayendera ku Kanengo, chifukwa izinso ndi okushoni. Munthu akangolemba mawu aja pa foni, nthawi yomweyo pamachitika mpikisano pakati pa onse ophika makeke amene anasankha mawu omwewo. Aliyense ananeneratu mtengo umene sangapyole pa kudina kumodzi. Koma sikuti wa ndalama zambiri ndiye amapambana nthawi zonse. Amaonanso ngati malonda anu akuyankha zimene munthuyo wafunsa, ndiponso ngati tsamba limene akafikeko lili ndi zithunzi, mitengo ndi nambala yogwira. Kawirikawiri simulipira mtengo wonse umene munanena, mumalipira wongokwanira kupambana amene ali pansi panu. Malire a tsiku akakwana, mumatuluka mu mpikisano mpaka mawa. N'chifukwa chake mtsikana wa lanchi uja sanakupezeni. Mukakweza mtengo panopa, ndiye kuti Amayi Masiye akadina m'mawa azidya mazira awiri m'malo mwa limodzi, basi.

Mwina mufunsa kuti nanga makinawo saona kuti awa si ogula? Amayesetsa kutaya kudina kwa munthu mmodzi wobwerezabwereza. Koma mafoni osiyana makumi atatu ndi anayi, iliyonse kamodzi patsiku, amaoneka ngati akwati makumi atatu ndi anayi.

Pamene malonda aima, khalani pansi ndi Betty mutsegule pamene pamaonetsa mawu enieni amene anthu analemba asanakudineni. Mudabwa. Si amayi a Chigwirizano okha amene akhala akukudyerani. Mupezamo wofuna kuphunzira kuphika, wofuna ntchito ya mu bekale, ndi wongofuna chithunzi cha keke choti atumizire chibwenzi. Mawu ngati "recipe", "free" ndi "jobs" aikeni pa mndandanda wa mawu okanidwa, kuti wolemba zimenezo asakuoneni n'komwe. Mawu amodzi okha oti "cake" achotseni, ndi khoka lokokolola chilichonse. Siyani mawu a munthu amene dzanja lili kale m'thumba, monga "wedding cake price Lilongwe" kapena "birthday cake Area 25", ndipo muuze Betty awatsekere kuti malonda azituluka pa mawu oyandikana nawo okha. Kudina kudzachepa, musachite mantha. Anthu asanu ofuna keke aposa makumi atatu ongodutsa.

Ikaninso malire a dera. Keke yosanjikiza kanayi simungaikweze basi ya ku Mzuzu, ndiye munthu wa kumeneko asakuoneni. Sankhani Lilongwe ndi madera amene mungafikitseko keke ili yoimirira. Nthawinso mungasankhe. Yang'anani m'foni mwanu kuti makasitomala anayi aja anaimba nthawi yanji, malonda aziyaka nthawi zimenezo. Aliyense woimba muzimufunsa kuti wakupezani bwanji. Ndipo inuyo, ndikukudziwani, musamadzifufuze kuti muone ngati mukadali pamwamba n'kudzidina nokha. Dzira limenelo limaswekanso.

Tsopano nkhani yeniyeni, imene yakulembetsani kalatayi. Musaikambe pa WhatsApp, musaikambenso pa msonkhano wa Lachinayi pamaso pa onse. Amayi Masiye ndi amene anayambitsa, ndipo mukaiulula pagulu muwavula ulemu pa chinthu chimene anachita ndi mtima woyera. Phikani keke yaing'ono mu uvuni yawo ija, mupite nayo kunyumba kwawo masana. Yambani ndi kuthokoza, ndipo thokozani ndithu, osati mongotsegulira njira. Kenako nenani mosazungulira kuti inunso mwangophunzira kumene kuti izi sizili ngati za kwaya zija, kuti pano kudina kulikonse kumachotsa ndalama ku khadi lanu. Ndi mayi wamkulu, wayendetsapo zinthu zolemera kuposa izi. Adzagwira pakamwa, mwina adzaseka, koma sadzakudani.

Musawasiye manja ali lende, chifukwa anthu ofuna kuthandiza ukawaletsa osawapatsa china amakhumudwa. Apatseni ntchito yatsopano. Sabata iliyonse muziwatumizira chithunzi chimodzi cha keke chokhala ndi nambala yanu kuti aziika pa sitetasi ya WhatsApp. Amene anadyapodi keke yanu alembe ndemanga yoona pa tsamba laulere la bizinesi yanu pa Google, Betty akuthandizani kulitsegula ngati mulibe. Amene sanadyepo asalembe, bodza silikweza malonda. Koposa zonse, amayi amenewa amakhala m'makomiti a maukwati a dera lonselo. Amadziwa amene akukwatiwa abusa asanalengeze. Dzina lanu likatchulidwa pa komiti pamene akukambirana za keke, palibe okushoni imene ingapose pamenepo, ndipo simulipira dzira.

Lolani kuti Amayi Masiye akalengeze okha pa gulu lawo lachinsinsi lija, m'mawu awo. Amene anayambitsa nyimbo ndi amene amaimaliza. Dikirani sabata imodzi kuti uthenga ufike mpaka ku Mitundu, kenako yatsaninso malonda ndi thireyi imodzi ija, osati ziwiri. Seputembala akupezani mwakonzeka.

Chenjezo langa ndi limodzi. Amayi Masiye adzakufunsani kuti, "Nanga zapita zingati, mwana wanga?" Adzafunsa kawiri, mwina katatu. Musaname, koma musatchule nambala. Nenani kuti zimenezo zatha, mwaphunzirapo. Amayi otere ndimawadziwa, anandilera ndi otere. Mukangotchula, Lachinayi lotsatira mbale idzayenda mwakachetechete, ndipo mudzawapeza pakhomo panu ndi envelopu. Mudzalephera kuikana, ndipo m'menemo mudzakhala ndalama ya ndiwo ya mayi uja amene anagula kale bandulo chifukwa cha inu. Asalipire kawiri.

Aphungu